Naye Bambo Ndi Woyembekezera

Mayi akabereka bwino, uthenga wopita kumudzi umakhala wa liwu limodzi: wachira. M'liwu limeneli muli nzeru yakale. Mayi wapakati amatchedwa wodwala ngakhale akulima, kusinja ndi kutunga madzi monga mwa masiku onse, chifukwa akuluakulu adaona kuti mimba ndi ulendo umene ena sabwerako. Ambiri amamasulira liwu lakuti pakati kuti mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa. N'chifukwa chake chinenero chidamuzinga ndi mawu omuteteza: ndi woyembekezera, ali ndi pathupi, watopa, ali kuchidikiro, ali m'chikuta, watuluka m'chikuta. Gawo lililonse la ulendo wake lili ndi dzina, ndipo dzina lililonse limakumbutsa abale chimene ayenera kumuchitira.

Uthenga wakuti wachira umamupeza bambo ali kwina. Mwina ali pansi pa mtengo kunja kwa chipatala atatsamira njinga, mwina ali kumunda, mwinanso ali m'chipinda cha lendi ku Johannesburg, foni ili m'manja. Za iyeyu chinenero chili ndi mawu ochepa, ndipo onse ndi a udindo kapena a mlandu: ndi mwini mimba, adapereka mimba, wakana mimba. Palibe liwu lofotokoza mmene mtima wake ukuyendera m'miyezi isanu ndi inayi imeneyo ndi m'chaka chotsatira. Palibe amene amati bambo wachira, popeza palibe adaganizapo kuti angadwale. Koma ena amadwaladi, ndipo ntchito ya uphungu m'zipatala, m'mipingo ndi m'mabanja iyenera kuyamba kuwawerengera.

Nkhaniyi si yongopeka. Mu 2010, James Paulson ndi Sharnail Bazemore adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 43 wa m'mayiko osiyanasiyana n'kuzisindikiza m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Adapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa khumi aliwonse amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo kuyambira pamene mkazi wake ali woyembekezera mpaka mwana atakwanitsa chaka. Nthawi yovuta kwambiri idali pamene mwana ali ndi miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, pamene alendo odzaona mwana asiya kubwera koma kusagona kukadalipo. Adapezanso kuti mayi akamavutika maganizo, mpata wakuti mwamuna wake avutikenso umakula. Ambiri mwa mabanja amene adafunsidwawo adali a m'mayiko olemera, kumene bambo sagona akuwerengera mtengo wa feteleza kapena mtunda wa kuchipatala. Palibe chifukwa choganizira kuti bambo wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia ali ndi mtima wachitsulo kuposa iwo.

Thupi la mwamuna nalo silikhala chimodzimodzi. Kafukufuku amene Lee Gettler ndi anzake adachita ku Cebu m'dziko la Philippines, wosindikizidwa mu 2011, adatsata anyamata mazana angapo kwa zaka zingapo ndipo adapeza kuti homoni ya testosterone imatsika mwamuna akakhala bambo, makamaka mwa amene amasamalira ana awo tsiku ndi tsiku. Ndipo vuto la bambo silithera pa iye yekha. Ku Britain, Paul Ramchandani ndi anzake adalemba mu The Lancet mu 2005 kuti ana amene abambo awo adavutika maganizo m'miyezi yoyambirira adaonetsa mavuto ochuluka a khalidwe atafika zaka zitatu ndi theka, makamaka ana aamuna, ngakhale ataganiziranso za thanzi la mayi. Wosamala za mwana sangadumphe bambo.

Chimene chimabisa matendawa n'chakuti mwa amuna savala nkhope imene anthu amaiyembekezera. Mnyamata adakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo adamvera. Chisoni chake chimatulukira kwina. Amapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, amachedwa kuntchito popanda chifukwa, amakhalitsa pabawo kapena pamowa, amaika ndalama ya sopo pa juga ya mpira akuyembekeza kuti ichuluka. Mwana akalira usiku amatuluka panja n'kukaima mumdima. Ena amaopa kumunyamula mwanayo, ena amamuyang'ana osamva kanthu, kenako n'kudzida okha chifukwa cha zimenezo. Apongozi amati ndi wouma mtima, mkazi amati wapeza wina, anzake amati wangotopa. Iye mwini akapita kuchipatala amadandaula mutu, kuphwanya m'thupi kapena kuthamanga kwa mtima, n'kubwerako ndi panado.

Ena anganene kuti maganizo akuti mimba imakhudza bambo ndi achilendo. Mwambo wa Achewa ukutsutsa zimenezo. Kuyambira kale mwamuna amene mkazi wake ali ndi pakati amalangizidwa kuti asayende ndi akazi ena, ndipo banja limadikira mwambo wotenga mwana lisanayambirenso kukhalira pamodzi, poopa mdulo kapena tsempho. Mayi akavutika pobereka kapena khanda likayamba kutupa ndi kunyentchera, maso ankatembenukira kwa bambo. Izi zikusonyeza kuti makolo adadziwa kuti moyo wa bambo ndi womangika ku mimba ndi ku khanda. Chimene chidatsalira n'chakuti chingwe chimenechi adachiona mbali imodzi yokha, ya choipa chimene bambo angabweretse. Sadafunse za chimene mimbayo ingamuchite iye. Bambo wosalakwa amene mwana wake wadwala amasenza mantha pamodzi ndi kukayikiridwa, ndipo alibe poulula. Ngati ali pachikamwini, mawu aakulu pa mwanayo ali ndi atsibweni ndi azigogo akuchikazi, iye n'kukhala ngati mlendo pa nkhani ya magazi ake omwe.

Chipatala chamakono chidamuitana, koma nacho chidamuitanira ntchito. Kwa zaka zambiri tsopano amuna ku Malawi akhala akulimbikitsidwa kuperekeza akazi awo kusikelo, ndipo m'zipatala zambiri amene abwera awiri amathandizidwa msanga. Ku Zambia kuli magulu a Safe Motherhood Action Groups, mmene muli amuna ndi akazi odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino m'midzi. Izi ndi zabwino ndipo zapulumutsa miyoyo. Koma n'chiyani chimene bambo amakumana nacho akafika? Amayezedwa magazi, amauzidwa zizindikiro zoopsa za mimba, ndipo amapatsidwa mndandanda wa zogula: zitenje, beseni, pepala lapulasitiki, ulusi, lezala, tochi, ndi ndalama yosungira ulendo wa mwadzidzidzi. Amatuluka atawonjezeredwa katundu. Tsiku lobereka amatsalira panja, chifukwa m'chipinda choberekera muli amayi ena ndipo wodikirira wodwala amakhala mayi mnzake. Pa ulendo wonsewo palibe amene wamufunsa ngati akugona tulo.

Pali chisoni china chimene sichitchulidwa n'komwe. Mwana akabadwa wakufa, mwambo m'madera ambiri umati umenewo ndi mtayo. Amayi achikulire okha ndi amene amakaika, mwakachetechete, popanda maliro. Mayi amauzidwa kuti asalire kwambiri, koma amakhala ndi amayi anzake omuzungulira. Bambo, amene mwina adasankha kale dzina ndi kugula kale shawelo, amadzuka m'mawa n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Nthawi zina sadziwa ngakhale pamene mwana wake adagona. Mimba yotsatira ikabwera, bambo wotereyu amakhala ndi mantha amene sangawafotokoze, ndipo wopereka uphungu amene sadafunse za mimba zam'mbuyo sangamvetse chifukwa chake munthuyo sakusangalala. Chimodzimodzi bambo amene adaona mkazi wake akutaya magazi, kapena amene adasainira opaleshoni yadzidzidzi manja akunjenjemera. Mayi ndi mwana atachira, aliyense amathokoza Mulungu, ndipo iye amasowa pomwe angayambire kunena kuti usiku umenewo sukuchoka m'maso mwake.

Olankhula Chinyanja amwazikana, ndipo kulikonse vutoli lili ndi maonekedwe ake. Kuyambira masiku a Wenela ndi Theba, amuna akhala akupita ku Joni n'kusiya akazi ali ndi pakati. Lero bambo amaona mwana wake koyamba pa WhatsApp, amatumiza ndalama, ndipo ngati mapepala ake sali bwino amaopa kubwerera kwawo chifukwa mwina sadzalowanso. Ubambo wake wonse umasanduka ndalama, kotero kuti mwezi umene ganyu wasowa amadziona ngati si bambo n'komwe. Ku Britain zinthu ndi zotembenuka. Kulibe azakhali, kulibe apongozi, kulibe anankungwi. Mwamuna amalowa m'chipinda choberekera, chinthu chimene bambo ake sadachionepo, kenako amasambitsa khanda, kuphika ndi kuchapa, n'kupita kukagwira ntchito ya usiku. Abale akumudzi amamuimbira foni pofuna thandizo, poganiza kuti ali pabwino. Onse awiriwa, wa ku Joni ndi wa ku Leeds, akuchita ubambo umene palibe adawalangizapo.

Pofuna kuwathandiza, chopinga choyamba ndi mawu. Kwa anthu ambiri, chilichonse chokhudza mutu chimathera ku liwu limodzi loopsa: misala. Mayina a Zomba ndi Chainama, kumene kuli zipatala zazikulu za matenda a maganizo ku Malawi ndi ku Zambia, adasanduka mawu onyozerana. Bambo amene wauzidwa kuti akaonane ndi katswiri wa zamaganizo amamva ngati akutchedwa wamisala, ndipo sabweranso. Liwu lakuti kukhumudwa ndi lopepuka kwambiri, pakuti munthu amakhumudwa ngakhale timu yake ikagonja. Liwu lobwereka lakuti dipuleshoni limamveka ngati matenda a anthu a m'tauni. Komabe chinenero sichili chosowa. Anthu amati ali ndi maganizo, maganizo amuchulukira, mtima sukukhazikika, mutu sukugwira, wathedwa nzeru, watha mphamvu, BP yakwera. Amenewa ndiwo makomo olowera. Wopereka uphungu wanzeru amatola liwu limene bamboyo wagwiritsa ntchito n'kuyenda nalo, m'malo momupatsa dzina la matenda limene angalikane.

Ku Zimbabwe adayesa njira imeneyi. Dokotala Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pabenchi kunja kwa chipatala. Sadayambire ku mawu a m'mabuku koma ku liwu la Chishona lakuti kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira muyeso. Munthu amafotokoza mavuto ake, amasankha limodzi loti ayambe nalo, ndipo pamodzi ndi agogowo amapeza chochita chimene angachikwanitse sabata imeneyo. Pa kafukufuku wa anthu 573 wosindikizidwa mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse amene adakhala pabenchi adali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pomwe mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi theka. Koma m'kafukufuku yemweyo, anthu oposa 85 mwa 100 aliwonse adali akazi. Njirayo imagwira ntchito, koma amuna safika pabenchi. Uphungu wa abambo uyenera kuwalondola kumene ali: pamzere wa sikelo, pamsonkhano wa abambo kutchalitchi kapena kumzikiti, pasiteji ya kabaza, pafoni.

Akapezeka, funso loyamba likhale funso lenileni. Mawu akuti muli bwanji ndi moni, ndipo yankho lake ndi lokonzeratu: ndili bwino, kaya inu. Munthu angayankhe motero ali pakhomo la imfa. Mafunso otsegula pakamwa ndi ena: «Bambo, tulo mukupeza masiku ano?» «Chimakudzutsani usiku n'chiyani?» «Chibadwire mwanayu, chasintha n'chiyani mwa inu?» «Mukakhala nokha ndi mwana, mumamva bwanji?» Zida zoyezera nazo zimafuna kusamala. Mafunso khumi a Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene adapangidwira amayi mu 1987 ndipo adamasuliridwa n'kuyesedwa m'Chichewa pakati pa amayi oyembekezera ku Malawi, ali ndi funso lokhudza kulira. Ofufuza a ku Australia adapeza mu 2001 kuti mafunsowa amagwiranso ntchito kwa abambo, koma malire ake ayenera kutsitsidwa. Bambo amene wayankha kuti salira asamuone ngati ali bwino. Afunsidwe za mkwiyo, za mowa, za ngongole ndi za kuthawa pakhomo.

Uphungu wothandiza bambo wotere nthawi zambiri umayambira pa chinthu chogwirika. Ngati chikumusowetsa tulo ndi katapila, kukambirana kuyambire pa katapilayo, chifukwa mantha enawo amatulukira pambuyo pake. Wopereka uphungu amuuze poyera kuti abambo ambiri amamva zimene iye akumva, ndi kuti chikondi cha pa khanda kwa ena chimabwera pang'onopang'ono. Amupatse chochita ndi mwanayo: kumusambitsa, kumunyamula pachifuwa, kumuyendetsa pabwalo kuti mayi agoneko. Manja akazolowera, mantha amachepa. Amufunse za bambo ake omubereka, chifukwa amuna ambiri amayamba kulimbana ndi ubwana wawo tsiku limene agwira mwana wawo. Nkhani ya kuchipinda isazembedwe, popeza kudikira kwa miyezi kumabala kukayikirana kumene awiriwo sakutchula. Ndipo funso lovuta lifunsidwe mosapita m'mbali: kodi adaganizapo zodzipha? Malipoti a apolisi ku Malawi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Amene wavomera atumizidwe msanga kwa achipatala, ndipo asasiyidwe yekha.

Pali zotsutsa zimene ziyenera kumvedwa mwaulemu. Choyamba n'chakuti amene amafa ndi uchembere ndi amayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 ku Malawi adapeza kuti amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Anamwino ndi ochepa, ndipo amayi ambiri ovutika maganizo sadafikiridwebe. Kodi m'pomveka kutembenukira kwa amuna? Yankho n'lakuti mayi ayenera kukhalabe patsogolo, ndipo palibe tambala imene iyenera kuchotsedwa kwa iye. Koma amene amasunga ndalama ya galimoto, amene amaganiza zothamangira kuchipatala usiku, amene angazindikire msanga kuti mkazi wake wasiya kudya ndi kulankhula, nthawi zambiri ndi bambo yemweyo. Akagwa iye, mayi watsala yekha. Mafunso atatu kwa mwamuna amene wakhala kale pabenchi ya sikelo safuna nyumba yatsopano. Ku England, dongosolo la NHS la 2019 lidavomereza mfundo imeneyi polonjeza kuti amuna a amayi amene akulandira chithandizo chapadera cha matenda a maganizo a uchembere nawonso aziunikidwa.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri. Alipo amuna amene amamenya akazi apakati, amene amathawa mimba, amene amamwera ndalama ya mwana. Kodi kulankhula za maganizo awo si kuwapatsa pobisala? Iyayi. Kuvutika maganizo kumafotokoza chiyambi cha khalidwe lina, koma sikufafaniza mlandu. Wopereka uphungu ayenera kuonana ndi mayi payekha, kumufunsa ngati ali wotetezeka, ndipo pamene pali nkhanza asawakhazike awiriwo pamodzi ngati kuti ndi kusamvana wamba. Chitetezo cha mayi ndi mwana chimayamba. Komabe mwamuna amene wathandizidwa mkwiyo wake usanasanduke chibakera ndi phindu la mkazi wake kuposa wina aliyense.

Chachitatu n'chakuti uphungu ndi wa azungu, ndipo makolo adalera ana popanda iwo. Koma makolo adali ndi ankhoswe, adali ndi alangizi, adali ndi mphala ndi bwalo kumene mnyamata ankamva za akulu. Zimenezi zaphwasuka m'matauni ndi m'mayiko achilendo, ndipo kumene zikadalipo malangizo ake kwa bambo watsopano amangoti limba mtima, samala banja. Ankhoswe amaitanidwa zinthu zitavuta kale. Palibe choletsa kuti nkhoswe ya kuchimuna ikamuone mnyamatayo mwana ali ndi miyezi itatu, popanda mlandu uliwonse, n'kukhala naye pansi. Alangizi a zaumoyo, abusa, mashehe ndi atsogoleri a magulu a abambo angaphunzitsidwe kumvetsera ndi kuzindikira amene akufunika dokotala. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo sadanene kuti mutu wa mwamuna ndi wosiyana.

Malamulo a ntchito ayamba kusuntha, ngakhale pang'ono. Ku Malawi, kusintha kwa lamulo la ntchito kwa 2021 kudapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu. Ku Zambia lamulo la 2019 lidapereka masiku asanu ogwira ntchito, ndipo ku South Africa masiku khumi adayamba kuperekedwa mu January 2020. Koma mlimi, wakabaza, wogulitsa pamsika ndi waganyu alibe bwana womupatsa tchuthi, ndipo masabata awiriwo amatha nthawi yovuta kwambiri isanafike. Thandizo la abambo ambiri lidzachokera kwa anthu owazungulira ndi kwa achipatala amene amakumana nawo.

Chinenero chili kale ndi malo a munthu ameneyu. Mneni wakuti kuyembekezera satchula chiberekero, amangonena za kudikira chimene chikubwera. Mneni wakuti kubereka amagwira kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Ndipo mwana akabadwa, dzina la mwamunayo limasintha: anthu amayamba kumutcha bambo a uje, atate ake a uje, ndipo dzina lake lakale limatsalira kwa anzake a paubwana. Mtundu umene umasintha dzina la munthu pa tsiku limeneli ukudziwa kuti chachikulu chamuchitikira. Chotsala n'chakuti namwino wa kusikelo, nkhoswe, m'busa kapena mnzake wa pabawo, akatha kufunsa za mayi ndi za mwana, atembenuke n'kufunsa kuti: «Nanga inuyo bambo, tulo mukupeza?» Akafunsa, adikire yankho lachiwiri, chifukwa loyamba lidzakhala lakuti ndili bwino.